N'chifukwa chiyani Mfumu Charles I inamenyana ndi nyumba yake ya malamulo?

Funso: Ndimagwira ntchito ya unamwino kuno ku Nottingham. Pafupi ndi Nottingham Castle pali malo otchedwa Standard Hill, ndipo anzanga akuntchito anandiuza kuti mpamene Mfumu Charles I inadzutsira mbendera mu 1642 polengeza nkhondo yolimbana ndi nyumba yake yomwe ya malamulo. Zinandizunguza mutu. Kodi mfumu ya masiku amenewo inalibe mphamvu yongothetsa nyumbayo n'kuuza aphungu kuti kazipitani kwanu? Nanga zinafika bwanji poti aphungu n'kuidula mutu? (Mayi wa ku Nottingham)

Yankho: Mayi, mphamvu imene mukunenayo Charles anali nayo, ndipo sankaiumira. Anathetsa nyumba ya malamulo mu 1625, mu 1626, mu 1629 ndiponso mu 1640. Kuchokera 1629 kufika 1640 analamulira zaka 11 popanda phungu ndi mmodzi yemwe kuponda ku Westminster, ndipo potero sanaphwanye lamulo lililonse. Nyumba ya malamulo ya nthawi imeneyo sinkakumana chaka ndi chaka monga tinazolowera ife. Unali msonkhano wa mfumu, woitanidwa mfumu ikafuna, wobalalika mfumu ikanena kuti basi.

Chimene mfumu sinkatha kuchita payokha ndicho kukhometsa anthu msonkho watsopano. Mwambo wakale wa ku England unkati mfumu izidya zake: lendi ya minda yachifumu, zindapusa za m'makhoti, msonkho wa pamadoko. Ikafuna zoposa pamenepo, makamaka za nkhondo, ikapemphe kwa aphungu. Koma pofika nthawi ya Charles zakezo zinali zitachepa. Mitengo ya zinthu inakwera kwambiri m'zaka za m'ma 1500, minda yambiri yachifumu Elizabeth I ndi James I anali atagulitsa kale, ndipo nkhondo ya mizinga ndi zombo inkadya ndalama ngati moto wa m'tchire. Paja wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Mfumu ikasowa ndalama inkaitana aphungu, ndipo aphungu ankabwera ndi madandaulo awo m'manja, n'kumati tiyambe takambirana izi, ndalama pambuyo.

Charles analowa ufumu mu Marichi 1625 ali ndi zaka 24. Anali munthu wamanyazi, wachibwibwi, wokonda zithunzi zojambulidwa mwaluso, wokhulupirika kwa mkazi wake, ndipo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti ufumu anaulandira kwa Mulungu, choncho wofunsa mfumu chifukwa cha zochita zake akufunsa Mulungu. Bambo ake James ankakhulupirira zomwezo, mpaka analemba mabuku, koma James ankadziwa pobwerera zinthu zikatentha. Mwanayu kubwerera ankakuona ngati tchimo.

Mkangano unayamba chaka choyamba chomwecho. Msonkho wa pamadoko, wa vinyo ndi katundu wina wolowa ndi wotuluka, mafumu am'mbuyo ankapatsidwa kwa moyo wawo wonse akangolowa ufumu. Aphungu a House of Commons, chipinda cha aphungu osankhidwa, anati Charles timupatse wa chaka chimodzi chokha. Iye anaona kuti amunyoza, ndipo anapitiriza kutolera popanda chilolezo. Aphungu nawo anali ndi zifukwa zawo. Boma lonse linali m'manja mwa bwenzi la mfumu, George Villiers, Duke of Buckingham, amene nkhondo iliyonse imene ankakonza inkathera m'manyazi. Ku Cádiz mu 1625 asilikali anapeza nkhokwe za vinyo n'kuledzera mpaka ntchito kulephereka. Aphungu atayamba kumuzenga mlandu Buckingham mu 1626, mfumu inathetsa nyumbayo kuti ipulumutse bwenzi lake, ndalama isanalandire.

Apa mpamene inatulukira nzeru ya ngongole yokakamiza. Aliyense wa chuma anauzidwa kuti abwereke mfumu ndalama, ngakhale aliyense ankadziwa kuti sizidzabwezedwa. Olemera oposa 70 amene anakana anatsekeredwa. Asanu mwa iwo anapita kukhoti mu 1627 kufunsa kuti mlandu wawo ndi wotani, ndipo yankho linali lakuti mwatsekeredwa mwa lamulo lapadera la mfumu, basi. Oweruza anawabweza m'ndende.

Nyumba ya 1628, motsogozedwa ndi anthu ngati loya wokalamba Sir Edward Coke, inalemba chikalata chotchedwa Petition of Right. Chinkaletsa msonkho kapena ngongole yopanda chilolezo cha aphungu, kutsekera munthu osatchula mlandu, kugoneka asilikali m'nyumba za anthu mokakamiza, ndi kuweruza anthu wamba ndi malamulo a usilikali. Tsono, mayi, gwirani kankhani aka, chifukwa kwa ine ndi kamene kamamasula zonse zotsatira. Poyamba Charles anayankha mozemba, mawu ozungulira osamanga kanthu. Aphungu atakana, anavomera m'mawu oyenera pa 7 Juni, mabelu n'kulira mu London, ndalama n'kuperekedwa. Aphungu atabalalika, mfumu inalamula kuti chikalatacho chisindikizidwe pamodzi ndi yankho loyamba lozemba lija. Aphungu anaphunzira tsiku limenelo kuti munthu uyu akavomera chinthu ali pakona, mumtima amakhala sanavomere.

Buckingham anabayidwa ndi msilikali wokhumudwa, John Felton, ku Portsmouth mu Ogasiti 1628, ndipo anthu ambiri anasangalala poyera. Mfumu sinaiwale zimenezo. Pa 2 Marichi 1629 sipikala Sir John Finch ataimirira kuti atseke zokambirana monga mfumu inalamulira, aphungu awiri, Denzil Holles ndi Benjamin Valentine, anamupanikiza pampando mpaka mfundo zotsutsa msonkho ndi kusintha kwa chipembedzo zitawerengedwa. Mfumu inathetsa nyumba. Sir John Eliot, amene analemba mfundozo, anafera m'ndende ya Tower of London mu 1632.

Zaka 11 zotsatirazo ena amazitcha zankhanza, koma tisakokomeze. England inali pamtendere pamene Germany inkapsa ndi nkhondo ya zaka 30. Charles anagwirizana ndi France mu 1629 ndi Spain mu 1630, popeza popanda nkhondo akanatha kukhala popanda aphungu. Maloya ake anafukula malamulo akalekale oiwalika. Aliyense wa minda yobweretsa mapaundi 40 pachaka amene sanabwere kudzalandira udindo wa knight (ulemu wotchedwa nawo Sir) pa tsiku lodzoza mfumu analipitsidwa chindapusa. Malire a nkhalango zachifumu anabwezedwa pamene anali zaka mazana apitawo, anthu n'kupezeka kuti akulima m'nkhalango ya mfumu osadziwa. Ngakhale sopo anapatsidwa kwa kampani imodzi, ndipo amayi ankadandaula kuti amawotcha manja ndi kuwononga nsalu.

Waukulu pa zonsezi unali msonkho wa zombo. Kalekale matauni a m'mbali mwa nyanja ankapereka zombo pa nthawi ya nkhondo. Mu 1634 Charles anaitanitsa ndalama zake kulibe nkhondo, mu 1635 anafikitsa msonkhowo kumtunda konse, ndipo unasanduka wa chaka ndi chaka, pafupifupi mapaundi 200,000. Kunena zoona ndalamazo zinapitadi ku zombo, ndipo poyamba ambiri ankalipira. Koma John Hampden, mwinimunda wolemera wa ku Buckinghamshire, anakana kulipira masheleni 20. Kwa iye masheleni 20 anali ngati chenje cha m'thumba. Funso lake linali lakuti, ngati mfumu yokha ndiyo imanena kuti dziko lili pangozi, ndipo ikanena choncho ingatenge chuma cha munthu aliyense, nyumba ya malamulo idzaitanidwiranso chiyani? Mu 1638 oweruza 7 anagamula mokomera mfumu, 5 mokomera Hampden. Oweruza osankhidwa ndi mfumu yomweyo kugawanika chotero kunali kugonja kovala malaya a chipambano, ndipo okana kulipira anachuluka.

Ndalama zokha sizikanatulutsa anthu m'nyumba ndi mfuti. Chimene chinaika moto ndi chipembedzo. William Laud, amene anakhala bishopu wamkulu wa ku Canterbury mu 1633, anafuna mapemphero a dongosolo ndi ulemu: gome la mgonero libwezedwe kuguwa ndi kutchingidwa ndi mpanda, ansembe avale mikanjo, ulaliki uchepe, mabishopu amveredwe. Kwa Apuritani, Apulotesitanti okhwima ofuna mpingo wopanda miyambo ya Chikatolika, izi zinkanunkha Roma, ndipo mfumukazi Henrietta Maria, mwana wa mfumu ya France, anali Mkatolika womvera misa poyera. Mu 1637 khoti la Star Chamber linalamula kuti William Prynne, Henry Burton ndi John Bastwick, loya, mbusa ndi dokotala, adulidwe makutu pagulu chifukwa cholemba zonyoza mabishopu.

Ndiye mfumu inachita chopusa chachikulu m'moyo wake wonse. Chaka chomwecho inatumiza buku latsopano la mapemphero ku Scotland osafunsa msonkhano wa mpingo wakumeneko. Pa 23 Julayi 1637, bukulo litangotsekulidwa m'tchalitchi cha St Giles ku Edinburgh, kunabuka chipolowe, ndipo nkhani yofala imati mayi wina anagenda wowerengayo ndi kampando. Mu 1638 anthu a ku Scotland anasaina pangano lotchedwa National Covenant, kenako anachotsa mabishopu onse. Ngati munakulira mu CCAP, nkhaniyi ndi ya makolo a mpingo wanu: ulamuliro wa akulu ampingo, mapresibitale ndi sinodi, wopanda bishopu, umene amishoni a ku Scotland anafika nawo ku Livingstonia ndi ku Blantyre, ndi womwewo umene anthuwa anautengera zida.

Nkhondo yafika, thumba mulibe kanthu. Mu Epulo 1640 Charles anaitana aphungu, iwo anayamba ndi madandaulo a zaka 11, ndipo patatha milungu itatu anawabalalitsa. Mu Ogasiti asilikali a ku Scotland anapambana ku Newburn, n'kulanda Newcastle kumene London inkatenga malasha, ndipo mfumu inavomera kuwalipira mapaundi 850 tsiku lililonse mpaka mgwirizano utatheka. Apa panalibenso pothawira. Nyumba imene inakumana pa 3 Novembala 1640 inadziwa kuti mfumu singaithetse asilikali achilendo ali m'dziko akudikira malipiro.

John Pym, mtsogoleri wa aphungu otsutsa mfumu, ndi anzake anayamba ndi nduna. Laud anatsekeredwa. Thomas Wentworth, Earl of Strafford, amene ankalamulira Ireland ndi dzanja lachitsulo, anazengedwa mlandu woukira dziko. Umboni utaoneka kuti ndi wofooka, aphungu anangopanga bilu yonena kuti ndi wolakwa ndipo aphedwe. Chimenecho sichinali chilungamo, ndipo tizinena mosabisa. Charles anali atalonjeza Strafford m'kalata kuti moyo wake, ulemu wake ndi chuma chake sizidzakhudzidwa, koma chikhamu cha anthu chikusokosera panja pa nyumba yachifumu ya Whitehall, anasaina. Strafford anadulidwa mutu pa 12 Meyi 1641. Masiku omwewo mfumu inasainanso lamulo limene likuyankha funso lanu loyamba: nyumba imeneyi sidzathetsedwa popanda iyo yokha kuvomera. Mphamvu ija inachoka m'manja mwake ndi siginecha yake yomwe. Chaka chomwecho msonkho wa zombo unaletsedwa, Star Chamber inathetsedwa, ndipo kunakhazikitsidwa lamulo loti zaka zitatu zisamadutse nyumba osakumana.

Mukaona mndandanda umenewu mungafunse kuti nanga nkhondo inali ya chiyani, poti aphungu anapeza zonse zimene ankafuna. Apa mpamene pagona nkhani. Malamulo anali papepala, koma lupanga linali likadali kwa mfumu, ndipo Pym sanaiwale 1628. Zinali zitaululika kale kuti akuluakulu ena a asilikali ankakonza zobwera ku London kudzaopseza aphungu, mfumu ikudziwa. Pym ndi anzake nawonso anali ndi chowaluma mumtima, chifukwa ena mwa iwo ankalumikizana mobisa ndi a ku Scotland pa nthawi ya nkhondo, umene unali mlandu wa imfa. Iwo ankadziwa kuti tsiku limene mfumu idzapezenso mphamvu, makosi awo ndiwo oyamba. Munthu wamantha otero sakhuta malonjezo, amafuna kulanda mpeni weniweniwo.

Mu Okutobala 1641 Akatolika a ku Ireland anaukira, Apulotesitanti ambiri anaphedwa, ndipo mbiri yake pofika ku London inali itakula kuposa choonadi. Mtsogoleri wina wa oukirawo, Sir Phelim O'Neill, ankaonetsa kalata yabodza yoti mfumu yawaloleza. Panafunika gulu lankhondo. Koma ligwidwe ndi ndani? Kulipereka kwa Charles kunali kumupatsa chikwanje choti adzatembenukire nacho aphungu. Kumulanda kunali kuchita chimene lamulo la England silinalolepo. Pa 22 Novembala aphungu anakangana mpaka pakati pausiku pa chikalata chachitali chondandalika zolakwa za mfumu, Grand Remonstrance, ndipo chinadutsa ndi mavoti 159 kwa 148. Taonani kuchepa kwa kusiyanako. Anthu ngati Edward Hyde, amene chaka chomwecho anathandiza kugwetsa makhoti ankhanza a mfumu, tsopano ankaona kuti Pym ndiye akuphwanya malamulo ndi kuweta chipolowe cha m'misewu. Mfumu inayamba kupeza chipani, ndipo ikanangokhala phee mwina ikanapambana osaombera mfuti.

Sinakhale phee. Pa 4 Januwale 1642 inapita yokha ku House of Commons ndi amuna onyamula zida pafupifupi 400 kukagwira aphungu asanu: Pym, Hampden, Holles, Arthur Haselrig ndi William Strode. Iwo anali atatsinidwa khutu, ndipo anathawa pabwato mumtsinje wa Thames. Mfumu inakhala pampando wa sipikala, inamwaza maso, niti mbalame zauluka. Itafunsa sipikala William Lenthall kumene apita, iye anagwada n'kuyankha kuti m'nyumba muno alibe maso openyera kapena lilime lolankhulira kupatula monga nyumbayo yamulamula, popeza iye ndi wantchito wake. Mwambo umene mumauona pa TV potsekulira nyumba ya malamulo, mthenga wa mfumu wotchedwa Black Rod akumutsekera chitseko pamphuno, anthu amaukumbukira pamodzi ndi tsiku limeneli. Pa 10 Januwale Charles anachoka mu London, ndipo anadzabwereramo ali mkaidi.

Zotsalazo zinayenda mwachangu. Mu Marichi aphungu analanda ulamuliro wa asilikali a m'maboma popanda siginecha ya mfumu. Mu Epulo Sir John Hotham anaitsekera mfumu zipata za Hull, kumene kunali nkhokwe ya zida. Mu Juni aphungu anafuna kuti azivomereza nduna za mfumu, ngakhale maphunziro ndi maukwati a ana ake, zimene palibe mfumu ikanalola. Pa 22 Ogasiti mbendera inadzutsidwa pamalo mukudutsapo aja. Anthu anabwera ochepa, nyengo inali yoipa, ndipo mphepo inagwetsa mbenderayo.

Za nkhondo yeniyeniyo ndingodutsa: Edgehill mu 1642, Marston Moor mu 1644, Naseby pa 14 Juni 1645 pamene gulu latsopano la aphungu, lotsogozedwa ndi Sir Thomas Fairfax ndi Oliver Cromwell, linaphwanya la mfumu. Ndingotchula ziwiri. Kuti alipire nkhondo, aphungu anabweretsa msonkho wa pa mowa, nyama ndi mchere, ndipo anthu analipira aphungu ndalama zochuluka kwambiri kuposa zimene Charles anatolerapo ndi msonkho wa zombo. Chachiwiri, ku Naseby anagwira bokosi la makalata a mfumu n'kuwasindikiza, dziko lonse n'kuona kuti pamene inkakamba za mtendere inkafunafuna asilikali ku Ireland ndi kumaiko akunja.

Pa funso lanu lachiwiri ndikukonzeni pang'ono, mayi. Si nyumba yonse ya malamulo imene inadula mfumu mutu. Charles atadzipereka mu Meyi 1646, pafupifupi palibe amene ankaganiza zomupha. Aphungu, asilikali ndi a ku Scotland, aliyense ankafuna kumubwezera pampando pa mfundo zake. Mu 1647 Henry Ireton, mkamwini wa Cromwell, anamupatsa mfundo zofewa zedi, zosunga ngakhale mabishopu malinga asamakakamize anthu. Charles ankamwetulira gulu lililonse uku akuyembekeza kuti adani ake adyane okha. Anathawira ku Isle of Wight, ndipo mu Disembala 1647 anapangana mobisa ndi a ku Scotland kuti alowe mu England ndi nkhondo. Magazi anakhetsedwanso mu 1648, ndipo asilikali amene anaika anzawo m'manda kachiwiri anayamba kumutcha munthu wamagazi.

Ngakhale zinali choncho, pa 5 Disembala 1648 aphungu anavota 129 kwa 83 kuti apitirize kukambirana ndi mfumu. M'mawa mwake Colonel Thomas Pride anaima pakhomo ndi asilikali ndi mndandanda wa maina, n'kubweza ena, ena kuwamanga. Otsalawo ndiwo anakhazikitsa khoti, House of Lords, chipinda china cha nyumbayo cha anthu audindo wachifumu, itakana. Mwa anthu 135 osankhidwa kuweruza ambiri sanaonekere, Fairfax yemwe anadzipatula. Mlandu utayamba pa 20 Januwale 1649 mu Westminster Hall, Charles anakana kuyankha, akungofunsa kuti ndi mphamvu iti yovomerezeka ndi lamulo imene yamubweretsa pamenepo. Woweruza John Bradshaw analibe yankho logwira mtima, chifukwa mwa lamulo la nthawi imeneyo mfumu inkanena zoona. Chibwibwi chija akuti sichinamveke masiku amenewo. Anthu 59 anasaina chikalata cha imfa. Pa 30 Januwale, kunja kukuzizira, anavala malaya awiri kuti anthu asaone ngati akunjenjemera ndi mantha, ndipo ali pansanja panja pa Banqueting House ananena kuti Mulungu akumulanga ndi chiweruzo chosalungama chifukwa cha chiweruzo chosalungama chimene iye analola, kunena Strafford.

Aphungu otsala aja nawonso sanakhalitse. Pa 20 Epulo 1653 Cromwell analowa ndi asilikali n'kuwatulutsa onse, chinthu chimene Charles sanachitepo. Mu 1660 mwana wa mfumu, Charles II, anaitanidwa kudzakhala pampando, koma msonkho wa zombo ndi Star Chamber sizinabwererenso. Nkhani ya lupanga inadikira mpaka 1689, James II atathawa, pamene Bill of Rights inaletsa kusunga gulu lankhondo nthawi ya mtendere popanda chilolezo cha aphungu. Mpaka lero aphungu a ku Britain amayenera kumakonzanso lamulo la asilikali zaka zisanu zilizonse.

Popeza muli komweko, nkhaniyi yakuzungulirani. Mfumu itangochoka ku Nottingham, tauniyo inagwa m'manja mwa aphungu, ndipo amene anasunga linga lake kuyambira mu 1643, Colonel John Hutchinson, ndi mmodzi mwa 59 aja. Ireton kwawo kunali ku Attenborough, kufupi ndi Beeston. Kumene Charles anadzipereka kwa asilikali a ku Scotland pa 5 Meyi 1646 ndi ku Southwell, m'boma lomwelo la Nottinghamshire, ndipo nyumba ya alendo imene anafikira ikadalipo, masiku ano imatchedwa Saracen's Head. Linga lenilenilo simungalione, kupatula chipata ndi zidutswa za makoma, chifukwa linagwetsedwa mu 1651. Chinyumba chimene chili pamwamba pa thanthwepo chinayamba kumangidwa m'ma 1670 ndi William Cavendish, Duke of Newcastle, mmodzi wa akazembe a mfumu amene anagonja ku Marston Moor.